Musanadandaule za alawansi, kodi munawabwezera zotsatira zawo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene wangoyamba ntchito kunthambi ina yofufuza ya pa yunivesite, ndipo udindo wake ndi kufikitsa sayansi kwa anthu. Akuti akaitanitsa msonkhano m'makomboni muno mu Mzuzu, anthu amayamba afunsa ngati kuli alawansi, akamva kuti kulibe mabenchi amangokhala okhaokha. Akufuna kudziwa chomwe angachite kuti anthu azibwera.

Achemwali, funso lanu landifika pamtima, ndiye mundipirire.

Mayi anga aang'ono amakhala ku Masasa. Kuseri kwa nyumba yawo kuli chitsime chokumba pamanja, ndipo mabanja angapo amatunga pomwepo mipopi ikauma. Chaka china kunabwera ofufuza, sinditchula komwe anachokera. Anatsitsa timabotolo ndi bokosi la ayezi, natunga madzi, nayeza mtunda kuchoka pa chimbudzi kufika pa chitsime. Kenako mafunso: mwana anatsegula m'mimba liti, mumasamba m'manja ndi sopo, ndowa mumavindikira? Mayi anayankha zonse atakhala pamphasa, nyemba n'kupserera pamoto, chifukwa mlendo sasiyidwa pakhonde yekha. Anasaina chikalata chomwe anawawerengera mothamanga. Galimoto inapita.

Mpaka lero palibe anabwera kudzawauza ngati madziwo ndi oyenera kumwa. Kolera itabuka mu 2022, mliri uja unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Nkhata Bay pafupi pomwepa inavutika kwambiri, mayi aang'ono aja anandiimbira foni usiku. Funso lawo linali limodzi: "Kodi aja anapeza chiyani m'madzi mwathu?" Yankho lake liripo ndithu, liri mu kompyuta ya munthu wina, mwina linawerengedwanso pa msonkhano kunja. Kwa mwini chitsime silinafike.

Ndiye mayi ngati ameneyu mukamuitana mawa kuti adzamve za sayansi, iye n'kufunsa za alawansi, musamuone ngati wadyera. Anapereka kale nthawi yake, madzi ake, ndi nkhani za m'nyumba mwake, osalandira kanthu. Wogulitsa tomato ku Zigwagwa akasiya benchi lake m'mawa wonse, madzulo ana agona ndi njala. Wakabaza chimodzimodzi. Ndipo chizolowezi cha alawansi sichinayambire m'makomboni. Chinayambira m'maofesi, pakati pa anthu ophunzira amene sapita ku maphunziro a kunyanja popanda envelopu. Pamenepa sindigonja: amene amalandira ndalama yogonera kuhotelo alibe pakamwa podzudzulira mayi wopempha ya minibasi.

Ofufuza akakhala chete, mphekesera ndi zomwe zimayankhula. Tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pomwe anthu anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ena anaopa kulowa m'midzi. Munthu akamaona alendo akutenga magazi, malovu kapena madzi osabweranso kudzafotokoza, mutu wake umapeka yankho. Yerekezani ndi ku Chilumba, ku Karonga, komwe kafukufuku anayamba mu 1979 ndi matenda a khate, kenako chifuwa chachikulu ndi HIV, ndipo akupitirirabe m'midzi yomweyo. Ine ndimakhulupirira kuti chomwe chasunga ntchito imeneyo ndi chakuti ofufuzawo sathawa. Anthu amakumana nawo kumaliro ndi kutchalitchi, amatha kuwaimitsa panjira n'kuwafunsa.

Musandimve ngati ndikudana ndi mayunivesite. Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, inatsegulidwa mu 1999 pa Luwinga, ndipo laibulale yake itapsa mu Disembala 2015 ndinaona anthu amene sanalowemo n'kamodzi komwe akulira ngati yapsa nyumba yawo. Chikondi chiripo. Muno mu Mzuzu mulinso SMART Centre, komwe amaphunzitsa amisiri wamba kuboola zitsime pamanja ndi kupanga pampu ya chingwe. Amene munaionapo mukudziwa: gudumu lopangidwa ndi tayala lakale la galimoto, chingwe chokhala ndi timawasha motalikirana, paipi ya pulasitiki. Ukapukusa chogwirira, timawashato timakankha madzi kukwera m'paipi. Chitsime chimavindikiridwa, ndowa yakuda silowanso m'madzi, ndipo chingwe chikaduka mwini wake amalumikiza yekha. Pakakhala chionetsero cha pampu yotere, ana amakanganirana kupukusa, abambo amagwada kusuzumira. Sipafunika kuitana munthu kawiri.

Nkhani ya chiyankhulo nayo imandiwawa. Mapepala alembedwa m'Chingerezi, akawamasulira ndiye Chichewa cha mu ofesi, pomwe gogo wa ku Ching'ambo amaganiza m'Chitumbuka ndipo mnzake wochokera kunyanja amamva bwino Chitonga. Muno tili ndi Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane, zomwe anthu amamvera akusenda chinangwa. Ofufuza angati anakhalapo pamenepo ola lathunthu akuyankha mafoni a anthu?

Ndiye muchite chiyani

Pitani kwa akuluakulu anu mukapemphe mndandanda wa madera omwe nthambi yanu inatengako kanthu zaka zapitazi. Yambirani kumeneko, mutanyamula zotsatira zawo, chitsime ndi chitsime. Musaitanitse msonkhano wanuwanu; pemphani mphindi zochepa pomwe anthu asonkhana kale, kusikelo ya ana, kubanki m'khonde, kapena akaweruka kutchalitchi, ndipo mudzere kwa mfumu ya dera ndi mlangizi wa zaumoyo. Tengani chinthu chogwirika. Pali timabotolo toyezera madzi tokhala ndi kapepala ka mankhwala mkati: madzi akakhala ndi tizilombo ta m'chimbudzi amada bii pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Mayi athire yekha madzi a pachitsime chake m'kabotolo kamodzi, othira kolorini m'kena, akasunge kunyumba, inu mudzabwere kudzaona naye limodzi. Mukawasunga anthu m'mawa wonse, alipireni ya thiransipoti popanda kung'ung'udza, ndipo ndalama imeneyo ilembedwe mu bajeti kafukufuku asanayambe.