Magetsi a LED pa dashibodi akundithobwa m'maso usiku

FUNSO: Akulu, ndili ndi Hilux yakale ndipo ndinachotsa timababu ta pa dashibodi nkuikamo ta LED, ndinaonjezeranso geji ina ya kutentha kwa injini ndi maswitchi awiri a maspotlight. Masana zili bho koma usiku pa M1 zikumandithobwa m'maso, kagudumu kochepetsera kuwala kaja ndikakazunguza palibe chikusintha mpaka kumapeto ndiye zimangozima zonse. Kodi kafa?
Wowerenga, Kasungu

YANKHO: Achimwene, kagudumuko kali moyo ndithu, musathamangire kugula kena. M'galimoto zambiri zakale kamene kaja ndi rheostat, ntchito yake nkupinga magetsi panjira yopita ku mababu, ndipo kamapinga bwino ngati mababuwo akukoka magetsi ambiri. Kababu kakale ka T5 ka 1.2W kamakoka pafupifupi 0.1A pa 12V pomwe ka LED kamodzi kamangofuna cha m'ma 0.02A basi, ndiye kagudumuko kakusowa chopinga. Komanso LED siili ngati babu ya kawaya imene imazilala pang'onopang'ono, yoyera imafuna cha m'ma 3V kuti iyake, mavolts akatsika kuposa pamenepo imangoti thii.

Mankhwala amene ine ndimawakhulupirira ndi kabokosi kotchedwa PWM dimmer ka 12V. Kameneka sikatsitsa mavolts, kamayatsa ndi kuzimitsa LED kambirimbiri pa sekondi imodzi moti diso silingaone kuphethirako, mumangoona kuti kuwala kwachepa, ndipo mumatsitsa mwakufuna kwanu mpaka pansi penipeni. Kaikidwe pa waya wa illumination, uja amakhala ndi moto mukayatsa maparking, ndipo fyuzi ikhalepo chonde. Ngati thumba lavuta, resistor (kachipangizo kopinga magetsi) ya 470 ohms kapena 1,000 ohms pa waya wa LED ya geji kapena switchi imathandiza, kungoti kuwalako kumakhala pamlingo umodzi osasinthika.

Koma musanagule kanthu, muone kaye mmene geji ndi maswitchi atsopanowo analumikizidwira chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ma Toyota ambiri kagudumu kaja kali kumbali ya negative, waya wake pa mapu a mawaya a galimoto amalembedwa ILL-, ndiye wamagetsi akangomanga waya wakuda wa LED pa bawuti ya bodi, walambalala kagudumuko ndipo iziwala mwamphamvu mpaka kalekale ngakhale muzunguze bwanji. Ena amabanso moto pa waya wa wailesi kapena wa laita, zija zimayaka mukangotembenuza kiyi. Muuzeni ayeze ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, uku inu mukuzunguza kagudumuko, waya amene manambala ake akusintha ndi yemweyo woyenera kulumikizako.

Nkhaniyi musaitenge mwachibwana. Kuwala kwa buluu kapena koyera pamaso panu kumachititsa kuti maso asaone bwino mumdima wakutsogolo, ndipo pa M1 usiku pamakhala anthu apanjinga opanda nyali ndi oyenda pansi m'mphepete mwa tala. Ine ndikanasankha LED zofiira kapena za orenji pa maswitchiwo.

Chinanso, kababu ka chizindikiro cha batire kasiyeni kakhale kakale komweko. Pa galimoto zina zakale alternator imayamba kutchaja ndi magetsi odutsa m'kababu kameneko, mukaikapo LED ikhoza kusiya kutchaja batire nkukutherani panjira.