Boti la injini ya 115 hp: mafuta ake ndi kakokedwe kake

Bambo wina wa ku Lilongwe watilembera imelo. Akuti wapeza boti la faiba la mamita 5.5, logwirapo kale ntchito, lili ndi injini ya 115 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini) ndi ngolo yake yomwe. Akufuna azilikoka ndi double cab kupita nalo ku Senga Bay kumathero a sabata, koma anzake akumuopseza kuti mafuta amugwetsa mphwayi. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati galimoto yake ingakwanitse.

Bambo, anzanuwo sakunama. Mafuta a boti sawerengedwa pa kilomita ngati a galimoto, amawerengedwa pa ola. Injini ya petulo ikamathamanga ndi mphamvu zake zonse imamwa pafupifupi malita 0.4 pa ola pa hp iliyonse. Yanuyo ndiye kuti malita 40 mpaka 46 pa ola, injini ya mtundu wa four-stroke kumunsiko, ya mtundu wa two-stroke ya kabuleta kumtundako. Yerekezani ndi 15 hp ya asodzi a usipa, imene imamwa malita 6 kapena 7. Chimene boti limamwera mafuta chonchi n'chakuti madzi salola chinthu kupitirira chokha. Galimoto mukachotsa phazi imayendabe, pomwe boti limakhala pansi nthawi yomweyo, ndiye injini imakhala ngati ikukwera phiri ulendo wonse.

Ndalama zambiri zimapulumukira pa dzanja logwira throttle, chogwirira chowonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini. Boti likanyamuka n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi, bwezani injini ifike cha pa 3,500 mpaka 4,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi). Liwiro limatsika, koma mafuta amatsika mpaka cha pa theka, malita 20 pa ola kapena kucheperapo. Choipitsitsa ndi kuyenda chapakatikati, mphuno ili m'mwamba, kumbuyo kukukumba madzi: injini ikulira, funde lalikulu likutsatira, inu osapita patali. Anthu ena asunthire kutsogolo, trim (kapendekedwe ka mwendo wa injini) itsike ponyamuka, ndipo muikweze pang'onopang'ono boti likakhazikika. Pulopela yokhota nsonga chifukwa chogunda mwala nayo imaba mafuta, chimodzimodzi ndere zomera pansi pa boti logonera m'madzi. Ngati injini siyikufika rpm yolembedwa m'buku lake mutatsegula zonse, pulopela ndi yosayenera kapena katundu wachuluka.

Maola anayi panyanja ndi malita 80. Chulukitsani ndi mtengo umene MERA yalengeza, muwonjezere oyilo ngati ndi two-stroke yosakaniza pamanja: pa muyeso wa 50:1 ndi theka la lita pa malita 25 a petulo. Mafutawo muziwagawa patatu, gawo lopitira, lobwerera ndi losunga. Mwera ukadzuka masana, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kubwerera molimbana ndi mafunde kumadya kuposa kupita. Kumbukiraninso kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi. Akakhala miyezi m'thanki, madzi amadikha pansi ndipo ndi amene injini imayamba kuyamwa. Ikani fyuluta yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi injini.

Tsopano za msewu. Musakhulupirire kulemera kumene wogulitsa akunena, chifukwa nthawi zambiri ndi kwa chiboti chopanda kanthu. Tiyerekeze kuti ndi makilogalamu 600. Injini ndi cha pa 175, ngolo 300, petulo malita 100 ndi makilogalamu 75, kenako batire, nangula, bokosi la zakumwa. Mwadutsa 1,200. Opanga magalimoto ambiri amalola makilogalamu 750 okha ngati ngolo ilibe mabuleki ake, ngakhale galimotoyo itakhala yamphamvu chotani. Kukoka si vuto kwa double cab, vuto ndi kuima. Msewu wa M14 umatsetsereka polowera ku Salima, ndipo wa Golomoti, ngati tsiku lina mudzafuna Mangochi, ndiye wokhotakhota moopsa. Tsikani ndi giya yotsika, osati phazi pa buleki njira yonse, chifukwa mabuleki akatentha amasiya kugwira. Musapitirire makilomita 80 pa ola.

Pa chitsulo chokokera pazitsamira gawo la 7 mpaka 10 pa 100 la kulemera konse, kwa inu makilogalamu 90 mpaka 120. Kukapepuka kutsogolo ngolo imayamba kuvina. Ikatero chotsani phazi pa mafuta, chiwongolero chikhale chowongoka, musaponde buleki mwadzidzidzi. Matcheni awiri apingasane pansi pa chokokeracho, boti limangidwe kutsogolo ndi malamba awiri kumbuyo, mwendo wa injini ukwezedwe ndi kuchirikizidwa kuti mabampu asang'ambe thabwa la kumbuyo.

Chimene chimagoneka anthu panjira kawirikawiri ndi mabering'i a ngolo. Mumafika kugombe ali otentha, n'kulowetsa ngolo m'madzi ozizira nthawi yomweyo. Mpweya wa m'kati umafinyika, madzi amalowa, girisi amasanduka phala loyera, dzimbiri n'kuyamba. Dikirani mphindi 20, mukumasula malamba ndi kutseka pulagi yotulutsira madzi, imene anthu amaiwala mochititsa manyazi. Panjira muziima n'kugwira pakati pa gudumu ndi dzanja: kufunda n'kwabwino, kuotcha ayi. Yendani ndi mabering'i apadera, girisi, jeki ndi tayala la sipeya. Matayala a ngolo amafa ndi dzuwa asanathe mapazi, choncho yang'anani ming'alu m'mbali.

Kupita ndi kubwera ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 240. Galimoto imene imamwa malita 10 pa makilomita 100 ikhoza kufika 14 kapena 15 ikamakoka, ndiye dizilo wa malita 35 m'malo mwa 24. Ngati muzipita kawiri pamwezi kapena kuposa, funsani mtengo wosungitsa boti pamalo otetezeka konko kunyanja, pamtunda, lofunditsidwa ndi tenti. Ndipo musanalipire wogulitsayo, akuloleni muliyese pamadzi kwa ola limodzi ndi chigubu cha petulo woyezedwa, makanika atayeza compression (mphamvu yopanikizira mpweya) ya silinda iliyonse.