Funsani Dokotala: Kodi kompyuta ingadziwe chimene chikukulitsa khansa ya mayi anga?

A dokotala, mayi anga anapezeka ndi khansa ya m'mawere. Pa pepala lawo panalembedwa ER positive ndi PR positive, ndipo akumwa tamoxifen. Mchimwene wanga akuti masiku ano makompyuta akutha kupeza majini amene akuyendetsa khansa. Kodi tisonkhe ndalama kuti akayezetse zimenezi kunja?
Wowerenga wa ku Zomba

Mchimwene wanuyo sananame, koma ndalamazo musayambe mwasonkha.

Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 opanga mapuloteni (tikunena achibadwa aja, osati mizimu yogwera anthu). Sagwira ntchito onse nthawi imodzi. Selo limamvera uthenga wochokera kunja, monga mahomoni. Uthengawo umalandiridwa ndi puloteni ina, iyo n'kupatsira inzake, mpaka ukafike pakati pa selo pomwe majini ena amadzutsidwa, ena n'kugonekedwa. Mu khansa muli ngati mthenga amene akungolengezabe kuti "gawikanani" pamene mfumu sinamutume.

Kumugwira mthengayo ali pa ulendo n'kovuta, ndiye asayansi amachita ngati alenje: amatsata mapazi. Mu labotale amayatsa kapena kutseka njira imodzi ya uthenga, kenako amayeza majini amene adzuka kapena agona. Zoyesa zotere zikafika mazanamazana, munthu sangaziwerenge ndi maso. Apa ndi pamene machine learning imathandiza, chifukwa kompyuta imaphunzira kuti majini akutiakuti amadzuka limodzi nthawi zonse njira yakutiyakuti ikayatsidwa. Mu 2018 gulu la wasayansi wina, Julio Saez-Rodriguez, linatulutsa njira yotchedwa PROGENy, yomwe imayerekeza mapazi amenewa ndi chotupa kuti ione uthenga umene ukuyenda kwambiri. Koma imeneyi ndi ya ofufuza, si yoti dokotala alemberepo mankhwala.

Tsopano taonaninso pepala la mayi lija. ER ndi puloteni yolandira uthenga wa homoni ya estrogen. Jini yopanga PR (puloteni yolandira uthenga wa homoni ya progesterone) ndi imodzi mwa majini amene ER imadzutsa. Choncho PR positive ndi phazi lenileni losonyeza kuti njira ya estrogen ikugwira ntchito m'chotupacho, ndipo tamoxifen amatseka khomo lomwelo. Funso lalikulu linayankhidwa kale ndi maikulosikopu, popanda kompyuta.

Kunja kulidi zoyeza monga MammaPrint, yoyang'ana majini 70, ndi Oncotype DX, ya majini 21. Ntchito yake n'kuthandiza kusankha ngati wodwala khansa yongoyamba kumene akufunikanso kemo (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa), ndipo n'zodula kwambiri. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zotupa zambiri zimene makompyutawa amaphunzirirapo ndi za azungu, za amayi a ku Africa kuno n'zochepa.

Funsani dokotala wawo ngati puloteni ya HER2 inayezedwa, chifukwa imeneyo ndi njira ina yokhala ndi mankhwala ake, trastuzumab. Mayi asadumphitse tamoxifen, nthawi zambiri amamwedwa zaka zosachepera 5. Kumva kutentha m'thupi kumachitika, koma akataya magazi mosayembekezereka, mwendo ukatupa n'kumapweteka, kapena akayamba kubanika, apite kuchipatala tsiku lomwelo.