Mbira zinayi m'katoni yonyowa: yankho kwa mayi wa ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Dzina sinditchula, koma nkhani yawo ili motere. Munthu amene ankachita lendi kuseri kwa nyumba yawo anasamuka usiku, n'kusiya mbira zinayi m'katoni yonyowa pakhonde. Mayiwa anazitulukira patadutsa masiku, zitawonda, ina ubweya utathothoka kumsana konse. Akuti azisunga kaye mpaka apeze wozitenga. Funso lawo ndi ili: "Zikangomva mapazi anga zimathamangira pakona n'kuunjikana. Sizidya ine ndili pomwepo. Yothothoka ubweyayo ndikaigwira imalira ngati ndikuipha. Ana akuti tizizinyamula tsiku ndi tsiku kuti zizolowere. Kodi n'zoona?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo zikomo posazitaya kudzala. Ayi, musazinyamule, ndipo anawo muwauze adikire kaye. Ndikudziwa kuti akhumudwa.

Mbira zowetazi kwawo si kuno. Sizili pachibale ndi mbira za m'matanthwe zija zimaothera dzuwa m'phiri la Mulanje. Changofanana ndi dzina. Zinachokera ku South America, kumapiri a Andes, m'maiko monga Peru, Bolivia ndi Ecuador, kumene anthu anayamba kuziweta zaka masauzande zapitazo, ndipo mpaka lero ndi ndiwo yapamwamba kumeneko. Makolo ake akutchire amakhala muudzu, adani ali mbali zonse. Kanyama kameneka kalibe nyanga, kalibe zikhadabo zomenyera nkhondo, kukwera mtengo sikatha. Chodzitetezera chake ndi ziwiri basi: kuuma thupi n'kuima chilili, kapena kuthawira kuuna. Ndiye dzanja likamatsika kuchokera kumwamba, kwa mbira ameneyo ndi kabawi. Mukamainyamula tsiku lililonse isanakudziweni, chimene ikuphunzira n'chakuti pakhomo pano kabawi amabwera tsiku lililonse.

Apa m'pamene ambiri amanamizika. Mwana anyamula mbira, mbirayo ili duu pachifuwa, osagwedezeka, maso ali tong'o, ndipo onse amati onani yazolowera. Sinazolowere, yauma ndi mantha. Mbira yomasuka imatambasula miyendo, imanunkhiza zovala zanu, imatafuna udzu ili m'manja.

Koma tisanafike pa zozolowetsa, ija yolirayi ikundidetsa nkhawa. Mbira yamantha imathawa, koma yolira mofuula ikangokhudzidwa pamsana, ubweya utathothoka, nthawi zambiri ikumva ululu. Chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi mphere. Timayambitsa matendawa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu n'kumakhala m'kati mwake. Mbira imadzikanda mpaka kutuluka magazi, ndipo zikafika poipa imagwa n'kumaphupha ngati ya khunyu. Tizilomboti timakhalapo pa mbira zambiri mwakachetechete, n'kudzabuka thupi likafooka ndi njala, monga zachitikira kwa zanuzi. Mankhwala ake ndi ivermectin, omwe aja amabaya mbuzi ndi nkhumba, koma mlingo wa mbira ndi wochepa kwambiri ndipo umatengera kulemera kwake. Musayese kuyerekeza nokha. Pitani nayo kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena kwa dokotala wa ziweto, aiike pasikelo. Mankhwalawa amabwerezedwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chifukwa sapha mazira, ndipo zonse zinayi ziyenera kulandira, ngakhale zooneka zabwinobwinozo. Musaisambitse, madzi amangowonjezera ululu. Musaipake oyilo wakuda wa galimoto monga amachitira ena ndi agalu, musaithire dibi, ndipo Actellic ndi wa chimanga, asayandikire khola.

Ngati kuthothokako kuli kozungulira, makamaka kumaso, pamphuno ndi m'makutu, pali timamba toyera, chingakhale chipere. Chimenechi chimapatsirana ndi anthu, ana makamaka. Ndi chifukwa china chowaletsera kunyamula pakadali pano, ndipo inunso muzisamba m'manja ndi sopo mukachoka kukhola.

Pa nkhani ya mankhwala ndili ndi chilonda changa. Zaka zapitazo mbira yanga ina inayamba kuyetsemula nthawi ya chiperoni. Ndinatsegula kapisozi ya amoxicillin yotsala m'nyumba, n'kusungunulira m'madzi, ndikudziona ngati wochenjera. Patangotha masiku ochepa inayamba kutsekula m'mimba, n'kufa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mankhwala a mtundu wa penicillin, monga amoxicillin ndi ampicillin, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwa mbira, ndipo toipa timachulukana n'kutulutsa poizoni. Ndinaipha ndekha. Aliyense akakupatsani mankhwala a mbira, funsani ngati muli penicillin, ndipo musachite manyazi kufunsa ngakhale wavala jasi loyera, chifukwa ambiri azolowera ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku.

Tsopano chakudya, chimene ndi theka la mankhwala komanso njira yokhayo yofikira pamtima pa mbira. Chachikulu ndi udzu, ndipo usamathe m'khola usana ndi usiku. Mano onse 20 a mbira amakula moyo wake wonse, ndipo chimawaperepesa ndi kutafuna udzu. Mbira yoleredwa ndi madeya ndi mkute wa nsima mano amatalika mpaka kutsekereza lilime, imayamba kuchucha dovu, n'kufa ndi njala chakudya chili pamphuno. Kapinga, nsenjere yanthete, masamba ndi makoko a chimanga, masamba a nthochi, zonsezi ife a Thyolo ndi Mulanje sitigula. Kungoti musamwete m'mphepete mwa minda ya tiyi kapena paliponse pamene apopera mankhwala, ndipo udzu wounjikidwa umene wayamba kutentha m'kati ndi kuchita nkhungu utayeni. Dzinja likamatha umitsani wina pamthunzi, mudzauyamika mu Seputembala.

Chachiwiri ndi vitamini C. Mbira ili ngati munthu: thupi lake silipanga vitaminiyu, liyenera kumupeza m'chakudya tsiku ndi tsiku, mamiligalamu 10 mpaka 30, ndipo yodwala kapena yabere imafuna wochulukirapo. Akasowa, mfundo zimatupa, nkhama zimatuluka magazi, ubweya umanyankhalala, mbira imayenda mokokera miyendo ndipo imalira ikagwidwa. Mukuona kuti yanu ija ingakhale ndi mavuto awiri nthawi imodzi. Mwayi wathu ndi gwafa, amene ali ndi vitamini C kuposa lalanje pafupifupi kanayi. Kachidutswa kakang'ono kakwana. Tsabola wobiriwira wosawawa uja ndiye wabwino koposa chifukwa alibe shuga wambiri. Onjezani kholowa, chisoso, ndi bonongwe pang'ono. Nanazi ndi nthochi zakupsa zikhale za apo ndi apo. Kabichi wambiri amatupitsa mimba.

Popeza zanuzi zakhala ndi njala, musazikhuthulire dengu lonse la masamba tsiku limodzi chifukwa cha chisoni. Udzu wokha ukhale wambiri, masamba muziwonjezera pang'onopang'ono, mtundu umodzi pa nthawi, mukuyang'ana ndowe. Zabwino zimakhala zouma, zazitali ngati nyemba. Mukaiona ikuwerama n'kudya ndowe zake zofewa musanyansidwe, ndi mmene imapezera mavitamini ena.

Zosayenera kulowa m'khola n'komwe: mapeyala, ngakhale kwanuko amagwa okha mumtengo, masamba a tomato, masamba ndi makoko obiriwira a mbatata ya kachewere, anyezi, adyo, chigwada chachiwisi ndi makoko a chinangwa, komanso lantana wa m'mipanda. Mbira sisanza, chimene yameza chalowa basi. Ndipo zija amanena ena zakuti mbira simwa madzi ndi bodza. Ikani kambale kolemera kosagubuduzika, madzi muzisintha m'mawa uliwonse.

Khola lisakhale lalikulu mwamatama, koma mbira ziwiri zimafuna malo osachepera masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, ndiye zinayi wirikizani. Pansi pakhale pathabwa kapena pasimenti poyala udzu wouma, osati pawaya, chifukwa waya amatupitsa mapazi n'kuyambitsa zilonda zovuta kupola. Utuchi wonunkhira wa mkungudza kapena wa paini wamuwisi ndimaupewa, umazivuta kupuma. Tsekani mipata yonse, makoswe amadya ana a mbira, ndipo amphaka, njoka ndi linthumbu mukuzidziwa kale. Ngati muli ndi akalulu, asagone khola limodzi: kalulu amamenya ndi miyendo yakumbuyo, komanso amatha kunyamula tizilombo ta chibayo iye osadwala. Mwezi wa Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika ndi kamvula kake kowaza, tchingani mbali yochokera mphepo ndi chiguduli ndipo zoyala zikhale zouma. Koma chopha msanga ndi kutentha kwa mu Okutobala. Kukapitirira madigiri 27 mbira imayamba kuvutika, ndiye khola la denga la malata lisakhale padzuwa.

Chimene ndikufuna muchite lero lomwe ndi kuika pobisala. Katoni yaing'ono yoboola makomo awiri, mphika wosweka woufudikiza, chidutswa cha paipi yaikulu, chilichonse. Mbira iliyonse ikhale ndi pake, ndipo makomo akhale awiri kuti ina isatsekerezedwe ndi inzake. Anthu amandifunsa kuti nanga ndikaipatsa pobisala si ndiye sindidzaionanso? Zimachitika mosiyana. Mbira imene ikudziwa kuti pothawira pali pafupi ndi imene imalimba mtima kutuluka. Yosowa pobisala imakhala pakona ikunjenjemera tsiku lonse.

Mukatero, sabata yoyamba musachite kalikonse kupatula kubweretsa chakudya nthawi yomweyomweyo, m'mawa ndi madzulo, mukulankhula mawu omwewo musanafike kuti zisadzidzimuke. Ine ndimaliza kamluzu. Ikani, chokani. Sabata yachiwiri yalani mkeka pafupi ndi khola, khalani pansi kuti musaoneke wamtali, muzisankha nyemba kapena kutongola chimanga, osaziyang'anitsa. Mudzaona kamphuno kakusuzumira, kenaka kubwerera, kenaka kutulukanso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikukhulupirira kuti akanaweta mbira akanatchula mbira. Zikayamba kudya inu muli pomwepo, gwirani tsamba lalitali la nsenjere kunsonga, dzanja lili pansi, osati kumwamba. Idzalitsomphola n'kuthawa nalo. Musadandaule, kumeneko ndiye kuyamba. Tsiku ndi tsiku tsambalo lizifupika, mpaka idzadyere pa zala zanu. Anawo ntchito yawo ikhale imeneyi, mmodzi pa nthawi, atakhala pansi, pakamwa potseka.

Kunyamula kosapeweka kulipo, monga popita kwa dokotala kapena poika pasikelo. Musaithamangitse m'khola monse. Ikusireni pang'onopang'ono m'kakatoni kapena m'paipi, tsekani mbali zonse ndi manja, nyamulani chonsecho. Ngati muigwira ndi manja, lina likhale pansi pa chifuwa, lina lichirikize matako, ndipo mukhale pafupi ndi pansi chifukwa ikagwa kuchokera m'chiuno mwanu imathyoka msana. Sikelo ya kukhitchini ndi dokotala wanu woyamba. Mbira yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 1,200. Yezani kamodzi pa sabata n'kulemba m'kope, popeza nyama imeneyi imabisa matenda mpaka mochedwa. Ikatsika ndi magalamu 50 kapena kuposa, kapena ikakhala maola 12 osadya, musadikire mawa.

Simunandiuze ngati zinayizo ndi zazimuna kapena zazikazi, ndipo ndikukayikira kuti wosamukayo anazipatula. Dinikizani pang'ono pamwamba pa maliseche: ngati ndi yaimuna kachida kamatuluka, yaikazi pamaoneka ngati chilembo cha Y. Ngati zasakanikirana, werengani kuti zazikazizo zili ndi bere. Bere la mbira limatenga masiku 59 mpaka 72, ana amabadwa ndi ubweya, maso ali otsegula, akuyenda. Mayi angatenge bere lina patangotha maola ochepa ataswa, ndipo tiana tatimuna tiyenera kuchotsedwa pa masabata 3, apo ayi tikwera mayi ndi alongo awo. Mukazengereza, zinayi zija pofika Khirisimasi zidzakhala khola lodzaza. Koma popatula musasiye ina yokhayokha. Mbira ndi nyama ya pagulu, moti ku Switzerland kuyambira 2008 lamulo limaletsa kuweta imodzi yokha. Ngati yaimuna ndi imodzi, ikhale kuseri kwa waya kumene ikuona ndi kununkhiza zinzake.

Mudzadziwa kuti zinthu zasintha tsiku limene mudzakhwekhwereza jumbo ya masamba n'kumva khola lonse likuimba wiii wiii, kapena mudzaona kamodzi kakudumpha m'mwamba kakupotokola thupi ngati mbuliwuli pachiwaya. Zina zimafika pamenepo pa masabata awiri, zina miyezi itatu. Ndili nayo ina kuno ku Chitakale imene imadyera m'manja mwanga koma mpaka lero kunyamulidwa imakana, ndipo ndinaileka choncho.

Za wodzazitenga, tisanamizane: kwathu kuno mbira ndi ndiwo, ndipo ine sindinyoza woweta kuti adye. Koma mufunseni poyera cholinga chake, kuti ana anu asadzalire pambuyo pake, ndipo ngati n'zodya, mumuuze za mankhwala amene zalandira kuti afunse alangizi nthawi yodikira. Musazipereke mphere isanathe. Zipite ziwiriziwiri monga zazolowerana, pamodzi ndi timakatoni take tobisalamo ndi udzu pang'ono wa m'khola lakale kuti fungo likhale lodziwika, chifukwa kumalo atsopano mantha adzayambiranso kwa masiku angapo. Mbira yosamalidwa bwino imakhala zaka 5 mpaka 7, ndiye wotengayo adziwiretu.

Mukabwerako kwa alangizi mundilembere, Mayi, mundiuze kulemera kwa yodwalayo ndi zimene apeza pakhungupo.