Khonsolo yaunika chaka, nanga mdadada wathu uli pati?

Mayi wina wa kwa Makanjira, m'boma la Mangochi, wandilembera pa imelo. Akuti adamva pa wailesi kuti khonsolo yakhala pansi kuunika ntchito za chaka chatha ndi kusankha zoyamba kuchita chaka chikubwerachi, pomwe kwawo mdadada wa sukulu udalekera m'mawindo, ana akuphunzirabe pansi pa mtengo. Akufunsa kuti: kauniuni ameneyu amachita ndani, ndipo munthu wamba mawu ake amalowera pati?

Mayi, mawu anu ali ndi polowera, kungoti ambirife timayankhula nthawi itatha.

Kauniuni alipo wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa khonsolo yeniyeniyo, pamene makhansala, aphungu ndi mafumu akuluakulu amamva malipoti a bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi za maphunziro, zaumoyo, ulimi ndi zina. Wachiwiri, wotchedwa LAPA, amachita anthu ochokera kunja kwa khonsolo, ndipo amayang'ana kasungidwe ka ndalama, kagulidwe ka katundu ndi kayendetsedwe ka ntchito. Khonsolo ikakhoza bwino imalandira ndalama za chitukuko kudzera mu GESD, pulojekiti yothandizidwa ndi World Bank. Apa mumvetsetse: khonsolo itha kukhoza ndithu, mdadada wanu uli chiimire wopanda denga. Boma la Mangochi lidapezeka ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndiye sukulu imodzi ya kumudzi kusowa mu lipoti la boma lonse si chinthu chovuta.

N'chifukwa chake ndimalimbikira za VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, chitukuko chimayenera kuyambira pansi: komiti ya kwa gulupu imalemba zosowa za mudzi, ADC, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yayikulu, imazisanja, kenako zimakwera kukhonsolo. Chimene sichidalembedwe m'kaundula wa ADC, ngakhale mutachilirira chotani pachitsime, kuboma sichidziwika. Ndipo poti kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, nkhani yanu iyenera kukhala itafika kale miyezi ya kumapeto kwa chaka, bajeti isanamangidwe. Kudandaula mu Meyi n'kuthamangira bwato litachoka padoko.

Poyamba fufuzani kuti mdadadawo ndi wa thumba liti. Kodi ndi CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu), DDF (thumba la chitukuko cha boma lonse) kapena GESD? Pitani mukawerenge chikwangwani cha pamalopo ngati chilipo: dzina la kontrakitala, ndalama zake, tsiku lomalizira. Ngati palibe, funsani khansala wanu pamaso pa anthu pamsonkhano wa ADC, ndipo mlembi alembe yankho lake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho kupempha mapepala a ntchitoyo si mwano.

Ndikudziwa kuti kuchoka kwa Makanjira kufika paboma ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100, pamsewu umene nthawi ya dzinja umagonetsa anthu panjira. Ichinso ndi chifukwa china chimene madera a kutsidya kwa nyanja amamvekera pang'ono, ndipo chimandipweteka.

Akhonsolo akadandifunsa ine zoika patsogolo, ndikadati asayike mwala wa maziko pena paliponse asanamalize zimene zidayambidwa. Chachiwiri ndi mijigo ndi zimbudzi m'madoko a asodzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 adatisautsa kwambiri kuno, ndipo aliyense amene adafikapo padoko usipa ukutsika m'mawa akudziwa kuchuluka kwa anthu amene amatunga madzi akumwa m'nyanja momwemo.

Mayi, sonkhanani ndi komiti ya sukulu ndi amayi anzanu, mulembe kalata imodzi, agulupu adindepo chidindo, mupereke ku ADC ndi kwa khansala. Kope lake musunge, ndipo mulembepo tsiku limene mwapereka.