Kaboni wa m'nthaka amabwera pang'onopang'ono

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti munthu akasiya kutentha zotsalira za mbewu ndi kutembenuza dothi, munda wake umayamba kusunga kaboni, komanso kuti pamatenga zaka zingati. N'zoona ndithu, koma musayembekezere kusintha kooneka pa zaka ziwiri kapena zitatu.

Chimene chimadetsa dothi lachonde ndi zinthu zowola: mizu, masamba, ndowe, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonsezi kenako n'kufera momwemo. Kuposa theka la kulemera kwa zowolazo ndi kaboni amene zomera zinakoka mumpweya. Padziko lonse, mukakumba mita imodzi yokha, nthaka ikusunga matani pafupifupi 1,500 biliyoni a kaboni wotere, kuposa amene ali mumlengalenga. Komabe zambiri zimene mwasiya m'munda chaka chino tizilomboto timadya, kaboni wake n'kubwerera mumpweya. Wokhalitsa ndi uja wamatirira ku dothi la makande, ndipo n'chifukwa chake nthaka yamchenga imavuta kwambiri.

Ine ndimadalira kwambiri zimene anapeza ku Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi ku England. Kumeneko kuli munda wa tirigu wotchedwa Broadbalk umene akhala akuupima kuyambira 1843. Zigawo zothiridwa manyowa chaka ndi chaka zili ndi kaboni wochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi zosathiridwa kanthu. Koma taonani zaka zake! Ndiponso kaboniyo ankakwera msanga poyamba, kenako n'kuyamba kuzengereza, chifukwa dothi lililonse lili ndi pofikira pake. Ku Rothamsted komweko, msipu wakale umene anaugaula mu 1949 unakhala ukutaya kaboni kwa zaka makumi angapo. Udzu umabisa chuma chake pansi, m'mizu imene imafa ndi kuphuka chaka chonse, ndipo pulawo ikangodutsa, mpweya umalowa, tizilombo n'kuyamba kudya zimene zinasungika kalekale.

Za ulimi wa mtayakhasu, pamafunika kusamala. Ofufuza oyamba ankapima dothi lapamwamba lokha, n'kupeza kaboni wambiri. Ena atakumba mozamirapo anaona kuti m'malo ambiri kaboniyo wangosonkhana pamwamba, ndipo wowonjezerekayo ndi wochepa kusiyana ndi mmene ankaganizira. Ngakhale cholinga cha "4 per 1000" chimene dziko la France linabweretsa ku msonkhano wa zanyengo ku Paris mu 2015, choti kaboni wa m'nthaka aziwonjezeka ndi 0.4 peresenti pa chaka, asayansi ambiri amati n'chovuta kuchikwaniritsa paliponse.

Ndiye ndinganene kuti musatenthe, phimbirani dothi, kasinthasintha wa mbewu musamusiye, ndipo ngati muli ndi msipu wakale, musauphwanye komanso musalole ziweto kuudya mpaka dothi kuyera. Chimene mudzayambe kuona ndi chinyezi chokhalitsa, nyongolotsi, ndi madzi amvula olowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. Mukafuna manambala, pimitsani dothi lanu tsopano, mulembe malo ndi kuya kwake, kenako mudzapimitsenso pomwepo pakatha zaka zisanu kapena khumi.