Kadzidzi wapulasitiki ndi akhwangwala

Funso: Akhwangwala andithera anapiye. Mlamu wanga wa ku America akuti kumeneko alenje amawakopa ndi zidole. Nzoona? — Mayi wa ku Dedza

Yankho: Nzoona, mayi. Khwangwala amadana ndi kadzidzi. Akamuona masana amaitana anzake kudzamuthamangitsa. Ndiye mlenje amakweza kadzidzi wapulasitiki mumtengo, zidole zakuda zooneka ngati akhwangwala n'kuziika pansi, iye n'kubisala akuliza kawenzulo kotsanzira khwangwala wovulala. Posakhalitsa akhwangwala amakhamukira pomwepo.

Koma mbalameyi ndi yochenjera. Ikaomberedwa pamalo amodzi imapazindikira, choncho zidolezo muzizisuntha. Mfuti imafunanso chilolezo cha apolisi. Nanga kadzidzi pakhomo panu, aneba adzati chiyani? Ndikanakhala inu, ndikanangowatchingira anapiyewo ndi waya mpaka atakula.